Si Mota Iliyonse Imakhala Yapsa

Mwezi wa Okutobala ukafika, pa tebulo langa pamadzaza mafani. Pafupifupi aliyense wobwera nayo amanena zofanana: "Amisiri, mota yapsa." Ine ndimayamba ndanunkhiza kumbuyo kwake. Koyilo yopsa siibisala, fungo la vanishi wowauka limamveka chivundikiro usanatsegule n'komwe. Koma mafani ambiri amene amandipeza sanunkha kanthu.

Ndisanagwire sikuludiraiva, ndimazula pulagi n'kukankha phiko limodzi ndi chala. Fani yabwino imapitiriza kuzungulira yokha kwa kanthawi. Ikaima pomwepo, ndiye kuti shafti yagwira m'mabushi. Fumbi la m'chilimwe limasakanikirana ndi mafuta akale n'kuuma ngati phula. Ndimamasula mabawuti a mota n'kutulutsa rota pang'onopang'ono, poti timawaya ta koyilo sitichedwa kuduka. Shafti ndimaitsuka ndi parafini, kenako ndimadonthezera mafuta a makina osokera m'bushi ndi pa kansalu kozungulira bushiyo, chifukwa n'kamene kamasunga mafuta. Chonde, mafuta ophikira ayi. Lero izungulira ndithu, koma pakatha milungu ingapo imamata kuposa kale.

Mapiko akakhala omasuka, koma poyatsa ikungolira osayenda mpaka utaikankha, vuto ndi kapasita. Ndi kabokosi kakuda ka mawaya awiri, nthawi zambiri kolembedwa 1.2µF kapena 1.5µF, 450V. Popanda iko, mota ilibe mphamvu yonyamutsira rota. Ndisanakagwire ndimagunditsa mawaya ake onse awiri pa chitsulo cha sikuludiraiva, chifukwa kamatha kusunga moto. Ndimaikapo ka nambala yomweyo. Ena amaika kokulirapo kuti fani izithamanga. Imathamangadi, koma koyilo ndiyo imatentha.

Imene imafuna kudekha ndi fani yongoti zii, yosalira n'komwe. Ndimayeza ndi mita fyuzi ya m'pulagi, switchi, kenako waya wa pakhosi. Mutu wa fani umatembenukira uku ndi uku tsiku lonse, ndiye waya amathyokera mkati khungu lake lili bwinobwino. Zonsezi zikakhala zamoyo, ndimafufuza kafyuzi komangidwa pa koyilo penipeni, kobisika m'kapaipi ka nsalu. Kamaduka mota ikatentha kufika pa madigiri amene analembapo, kawirikawiri 115 kapena 130.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi anzanga ena amene amangolumikizapo waya, kasitomala n'kumapita akusangalala. Tsono fani imeneyo ikachezera usiku m'chipinda cha ana, pafupi ndi neti, shafti n'kugwiranso, chozimitsa moto chikhala chiyani? Ine ndimagula kafyuzi katsopano ka madigiri omwewo, ndipo polumikiza ndimafinya ndi pulayala m'malo mowotcherera, chifukwa kutentha kwa sodala kukhoza kukadula ndisanakamange n'komwe pa koyilo.