Ndinatsikira pa chipilala cha Keyala

Minibasi inanyamuka pa Limbe itadzaza thothotho. Tinadutsa Njuli, Namadzi ndi Thondwe, ndipo phiri la Zomba litayamba kutiyandikira ndinapempha kondakitala kuti anditsitse pa chipilala cha asilikali, pafupi ndi Cobbe Barracks. Ambirife timangochionera pawindo, nsanja ya njerwa zofiira ija yokhala ndi wotchi pamwamba. Ine ndinkafuna kuwerenga mayina.

Ndi mayina a asilikali a King's African Rifles, omwe agogo athu ankangoti Keyala, amene anatsala ku nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918. Ndinawerenga pang'onopang'ono, poti dzina lililonse linali ndi mudzi wake, mayi wake, mwinanso mkazi amene ankati akamva galu akuuwa usiku n'kudzuka kuti kapena ndi bambo a kunyumba. Ndinakumbukiranso atengatenga, amuna pafupifupi 200,000 omwe anasenzetsedwa zipolopolo ndi chakudya kulowera ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ambiri atachita kugwidwa m'midzi. Kamwazi, malungo ndi njala zinawatha. John Chilembwe anazionera patali: mu November 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya eni, kusiya akazi amasiye ndi ana.

Nditakhala pansi kuti ndipume, maganizo anandifikitsa ku Burma. Pa nkhondo yachiwiri, anyamata a kuno anamenya ku Somaliland, ku Abyssinia ndi ku Madagascar, kenako anakwera sitima zapamadzi ku Mombasa kupita ku Ceylon. Mu 1944 anali m'chigwa cha Kabaw, akulimbana ndi asilikali a Japan m'nkhalango, mvula ikugwa usana ndi usiku, nsapato zikuwolera kumapazi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya makalata. Msilikali wosadziwa kulemba ankanong'oneza mnzake mawu oti amulembere, akuluakulu a nkhondo n'kuyamba ayiona kalatayo isanatumizidwe. Ikafika kumudzi patapita miyezi, mkazi ankapita nayo kwa aphunzitsi kuti amuwerengere. Mawu a m'nyumba odutsa m'manja mwa anthu onsewo, munthu anganenemo chiyani? Ankangofunsa za ana, za denga ngati lafoleredwa, za chimanga ngati chalowa m'nkhokwe. Mkazi naye ankalima yekha, kulera yekha, maliro a mwana kuika mwamuna kulibe. Nkhondo imeneyo anamenya nawo amayiwa, ngakhale sanavale yunifolomu.

Obwerako amoyo anabwera ndi ndawala ndi kulira kwa lipenga m'thupi, n'chifukwa chake beni, mganda ndi malipenga timavina titandanda ngati pa perete.

Ndinalowa m'tauni wapansi, ndikupatukirana ndi anyamata ovala makaka, ena a msinkhu wa ana anga. Masiku ano ali ndi foni, mkazi amamva mawu a mwamuna wake pa WhatsApp, koma foniyo ikangokhala chete masiku awiri nsima siyilowa. Mu January 2025 asilikali atatu a dziko lino anaphedwa kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, komwe ankalimbana ndi zigawenga za M23 pa ntchito yosungitsa mtendere. Abale awo tili nawo m'midzi ndi m'makomboni mwathu momwemu. Tikavala duwa lofiira pachifuwa mu November, tipatukireko kukawazonda, tikafunse ngati ana akupita kusukulu.