Kunja mkuwa, mkati mtovu

Loweruka lina madzulo, pa pulogalamu yathu ya achinyamata, foni inalira titatsala pang'ono kutseka. Tsikulo tinali kukamba za masewera amene sitiwaona kuno ku Kabwe. Ena anatchula kusambira, ena njinga za mpikisano, koma mnyamata uyu wa ku Makululu anabwera ndi zina. Anati waona vidiyo pa YouTube ya munthu wothamanga ndi pistol pakati pa makoma a matabwa, akuwombera mapepala ndi tizitsulo togwa, kumbuyo kwake kuli wina womutsatira ndi kawotchi. "Nifuna chabe kuziba," anatero, "ni mfuti bwanji yamene munthu angagule kuti aziwina?"

Tinaseka, ndipo tinamulonjeza yankho Loweruka lotsatira, monga timachitira tikasowa chonena. Koma lonjezo la pa wailesi ndi ngongole, anthu amakukumbutsa ngakhale pa msika. Pakati pathu panalibe amene anagwirapo pistol. Choncho sabata yonse tinathera ma bundle pa buku la malamulo a masewerawa, limene lili pa intaneti kwaulere.

Bungwe loyendetsa masewerawa pa dziko lonse ndi IPSC. Linakhazikitsidwa mu 1976 ku Columbia, m'chigawo cha Missouri ku America, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Jeff Cooper. Tinkaganiza kuti ndi zinthu za kutali, koma mpikisano wa dziko lonse wa 1977 unachitikira kutsidya kwa Zambezi chabe, ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndipo anawina ndi munthu wa komweko, Dave Westerhout. Mu 2002 unachitikiranso ku Polokwane, ku South Africa.

Kuwerenga mapointi kwake n'kosavuta. Pepala lowomberapo lili ndi zigawo zitatu: A pakati, C pozungulira, D kumphepete. Mapointi amene wapeza amagawidwa ndi masekondi amene watenga. Tinene kuti anthu awiri awombera zipolopolo 12 aliyense. Woyamba walasa zonse pa A, mapointi 60, m'masekondi 12, ndiye kuti wapeza 5. Wachiwiri wapeza mapointi 50 okha koma m'masekondi 8, ndiye kuti wapeza 6.25, ndipo wapambana. Koma wothamangayo akaphonya kamodzi, amataya mapointi a chipolopolocho, namuchotseranso ena 10. Liwiro lili ndi mtengo wake, kudekha nakonso kuli ndi mtengo wake, ndipo masewera onse ali pa kudziwa pamene manja ako alekezera.

Funso la mnzathu wa ku Makululu linayankhidwa kale ndi eni masewerawa, chifukwa nawonso linawavuta. Anaona kuti wa ndalama zambiri akugula mfuti yokonzedwa mwapadera n'kumagonjetsa anzake ndi thumba. Ndiye anagawa mfuti m'magulu, kuti munthu azipikisana ndi a zida zofanana ndi zake. Gulu la Open ndi limene limaoneka kwambiri m'mavidiyo: mfuti yokhala ndi kagalasi koonetsa kadontho kofiira, ndi kachitsulo ka mabowo kumapeto kwa paipi koletsa mfuti kudumpha, ndi magazini yaitali yofika mamilimita 170. Mu Standard mulibe kagalasi, ndipo mfuti yonse pamodzi ndi magazini yake iyenera kulowa m'bokosi la mamilimita 225 mulitali, 150 mulifupi ndi 45 kuya kwake. Ikakana kulowa, palibe kuchonderera. Mu Production amalola mfuti zokhazo zili pa mndandanda wa bungwe, pafupifupi mmene zinachokera ku fakitale, ndipo m'magazini simuyenera kupitirira zipolopolo 15. Palinso Production Optics, Classic ya mfuti za kapangidwe ka 1911, ndi Revolver.

Kusankha gulu ndiko kusankha anthu opikisana nawo, ndi ndalama zimene udzawononga. Si kugula chipambano. Eric Grauffel wa ku France anawina mpikisano wa dziko lonse mu Open kasanu motsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2011. Mu 2014 anasiya kagalasi ndi zonse zija, nalowa mu Production ndi mfuti wamba, ndipo anawinanso. Ife a ku Kabwe izi sizitidabwitsa. Godfrey Chitalu atamwetsa zigoli 107 mu 1972, palibe anafunsa kuti jombo zake anagula shopu iti.

Titafika apa tinkaganiza kuti yankho tapeza. Koma tikuwerengabe, tinaona kuti anthu a masewerawa sadandaula kwambiri za mtengo wa mfuti. Mfuti umagula kamodzi. Chimene chimadya ndalama ndi zipolopolo, chifukwa wofuna kukhoza amawombera zikwi ndi zikwi pa chaka. N'chifukwa chake ambiri, kumene lamulo limawalola, amadzaza okha. Chipolopolo chili ndi zinthu zinayi: khoko la brass, kabatani koyatsira kotchedwa primer, onga, ndi mutu umene umauluka. Ukawombera, zitatu zimatha koma khoko limagwa pansi, ndipo ndilo amatola, kulitsuka, ndi kulidzazanso pa makina a pathebulo.

Samadzaza chifukwa cha mtengo wokha. Malamulo amayezanso mphamvu ya chipolopolo: kulemera kwa mutu m'ma grain, kuchulukitsa ndi liwiro lake m'mafiti pa sekondi, kugawa ndi 1000. Mutu wa ma grain 124, amene ndi pafupifupi magalamu 8, ukamayenda mafiti 1050 pa sekondi umapereka 130. Malire a pansi ndi 125, ndipo mphamvu ya pamenepo amaitcha Minor. Yaikulu ndi Major, imene imayambira pa 160 mu Open ndi pa 170 mu Standard. Wa Major akalasa pa C amapeza mapointi 4, wa Minor 3. Pa D ndi 2 kwa 1. Koma chipolopolo champhamvu chimakankha dzanja kwambiri n'kukuchedwetsa. Choncho aliyense amafuna kukhala pamwamba pang'ono chabe pa malire. Pa mipikisano ikuluikulu, oyang'anira amatenga zipolopolo 8 za munthu aliyense, namasula chimodzi kuti ayeze mutu wake pa sikelo, zina naziwombera pa makina oyeza liwiro. Amene ananena kuti ndi wa Major akapezeka pansi pa malire, mapointi ake onse amawerengedwanso ngati a Minor. Amene wagwa pansi pa 125, mapointi ake sawerengedwa n'komwe.

Pofuna kumva kwa munthu amene anagwirapo zinthuzi, Lachinayi tinapita kwa mdala wina womvera wailesi yathu, amene anapuma usilikali. M'tauni ya ma barracks awiri, Chindwin ndi Kohima, anthu otere sasowa. Titawafotokozera za kudzaza zipolopolo, anaseka. "Ana anga, zimenezo si zachilendo," anatero. "Agogo anu kumudzi ankadzaza gogodela ndi manja awo. Ena a iwo mwawaona, zala zosakwana." Anati onga sufuna munthu woganiza zina. Ukathira kawiri m'khoko limodzi, mfuti imaphulikira m'manja mwako. Ukaiwala kuthira, mutu umatsakamira m'paipi, ndipo chipolopolo chotsatira chimaupeza momwemo.

Tinawauza kuti m'buku la malamulo tinapezamo mtima womwewo. Ukathamanga chala chili pa chowombera, ukaloza mfuti kumbuyo kumene kuli anthu, kapena ukaigwetsa pansi, wachotsedwa pa mpikisano wonse, kaya ndiwe katswiri wa dziko. Anagwedeza mutu, natenga bolopeni ndi pepala lathu lolembapo mafunso. Anajambula chipolopolo chodulidwa pakati. "Ichi chonyezimira mukuona kunja ndi chikopa chabe cha mkuwa," anatero. "Chimene chimalemera, chimene chimagwira ntchito, chili mkati. Ndi mtovu."

Tinakhala chete. Mawu oti chipolopolo timawatchula ndi chimwemwe m'dziko muno, makamaka kuyambira usiku uja wa mu February 2012 ku Libreville. Tikamva dzinalo timaona mkuwa, timaona Kopala, timaona chikho. Sitinaganizepo kuti chipolopolo chenicheni chili ngati Zambia yemwe: kunja mkuwa umene dziko lonse limaudziwa, mkati mtovu umene timaudziwa ife. Ngakhale brass ya khoko ija ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, ndipo zinki ndi mtovu ndizo miyala iwiri imene inamanga tauni ino.

Miyala ya Broken Hill inapezeka mu 1902, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994. Ambiri a ife tinali aang'ono kapena tisanabadwe, koma chimene unasiya tinakula nacho. Fumbi la ku Kasanda, ku Chowa ndi ku Makululu lili ndi mtovu, ndipo mphepo ya mu August imalinyamula kulowetsa m'nyumba, m'mbale, m'kamwa mwa ana okwawa. Mu 2007 bungwe la Blacksmith Institute linaika Kabwe pa mndandanda wa malo khumi oipitsidwa kwambiri pa dziko lapansi. A World Health Organization amati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wabwino, ndipo umawononga kwambiri ubongo wa mwana amene akukula. Sufuula ngati mfuti. Mwana amangochedwa kugwira za kusukulu, ife n'kumamunena kuti ndi waulesi. Ndipo mpaka lero anyamata a msinkhu wa mnzathu uja amakwera Black Mountain kukakumba zotsalira za mgodi, chifukwa mimba siyembekezera.

Titabwerera ku mabuku a owombera aja, tinapeza kuti nawonso mtovu amauopa. Uli m'mutu wa chipolopolo, ulinso mu primer yambiri, choncho umatuluka ndi utsi, umamatira pa makoko otoledwa aja, n'kusanduka fumbi powatsuka. Malangizo amene amapatsana ndi awa: osadya, osamwa, osasuta pamene ukudzaza, kusamba m'manja ndi sopo ukatha, kuchapa zovala zowombera nazo pazokha, ana asayandikire pathebulo, ndi kukapimitsa magazi nthawi ndi nthawi. Tinawerenga mokweza mu studio, ndipo mnzathu wina anati, "Si zija amauza amayi ku kiliniki izi?" Ndi zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu wa ku Missouri amakumana ndi mtovu pa tsiku lopuma, mwa kufuna kwake, atavala magolovesi. Mwana wa ku Chowa amakumana nawo tsiku lililonse pabwalo la kwawo, osafunsidwa.

Sitikunena kuti masewerawa ndi oipa. Sabata ija inatisiya tikuwalemekeza kuposa mmene tinayambira. M'vidiyo umaona mfuti yokongola ndi phokoso, koma kuseri kuli bokosi, sikelo ndi kawotchi. Anthu amenewa sakhulupirira maonekedwe a chinthu, kapena mawu a mwini wake. Amayeza. Ngati pali chimene Kabwe angatengeko kwa iwo, ndi chimenecho.

Loweruka litafika tinamuyankha mnzathu. Tinamuuza kuti palibe mfuti yogula kuti uziwina, ndipo woyamba kumene amayambira mu Production, kumene chida sichibisa zolakwa za manja. Tinamukumbutsa kuti kuno kuli lamulo la mfuti, Firearms Act, Chaputala 110 cha malamulo a Zambia, ndipo kupezeka ndi mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi ndi njira yachidule yopita ku Mukobeko. Za kugula kwa munthu wa m'komboni, kapena kuyesa kudzaza zipolopolo kuseri kwa nyumba, aziiwale. Amene akufunadi masewerawa amayamba ndi kufunsa ku polisi za laisensi, ndi kufunafuna kalabu yovomerezeka yokhala ndi mphunzitsi. Tinamuuzanso kuti IPSC yomweyo ili ndi nthambi yotchedwa Action Air, ya mfuti za mpweya zoponya timipira ta pulasitiki, kumene malamulo ndi omwewo koma mulibe onga kapena mtovu, ndipo mpikisano wake woyamba wa dziko lonse unachitika ku Hong Kong mu 2018. Pomaliza tinamufotokozera za chithunzi cha mdala uja.

Sipanapite nthawi, foni inalira. Anali iye, akuseka. "Imwe ba wailesi, nenze nafunsa za mfuti, mwanibweza ku Makululu." Tinamufunsa ngati anapimitsapo magazi ake, kapena a ang'ono ake. Anati iyayi. Kenaka anafunsa funso limene sitinalikonzekere: "Nanga imwe?"

Mu studio tinalimo anayi, tonse obadwira m'tauni muno. Tinayang'anana. Tinali titatha masiku asanu ndi awiri tikuphunzira kulemera kwa mtovu wa m'chipolopolo cha munthu wa ku France, mpaka ma grain ake, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa mlingo wa umene uli m'magazi mwake. Tinamuuza zoona pa mphepo pomwepo, ndipo tinapangana naye kuti Lolemba m'mawa tikakumane pa kiliniki, tikafunse kumene amapima. Iye anati abwera ndi mlongo wake wa zaka zinayi.