Kafue, Tauni Imene Imatunga ndi Kutaya mu Mtsinje Umodzi

Mlendo wocokera ku Lusaka akayenda makilomita oposa 40 kulowera kum'mwera amafika pa tauni ya Kafue, imene inatenga dzina lake ku mtsinje waukulu wodutsa pambali pake. Ulalo wa njanji umene unamangidwa mu 1906 ukali ciimire, ndipo pansi pake asodzi amapalasa mabwato ao m'mamawa. Tauniyi inakula cifukwa ca mafakitale. Mu 1970 fakitale ya fataleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito, ndipo panalinso ya nsalu, imene inatsekedwa kale. Anchito anamangiridwa nyumba za mipope ndi zimbudzi zamadzi ku Kafue Estates.

Munthu wa kumudzi akakumba cimbudzi amadziwa pamene zonyansa zagona. Wa m'tauni amangogujumula madzi, osafunsa kumene zalowera. Pa Kafue zimatsata mipope kufikira pa malo oyeretsera madzi oipa, ndipo madziwo akacoka pamenepo amathera mu mtsinje.

Nchito ya malo otere njosavuta kuimva. Poyamba madzi amadutsa pa zitsulo zokola nsanza ndi mapulasitiki. Kenaka amaima m'mathanki kuti matope adikhe pansi. Zonyansa zotsala zimadyedwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timafuna mpweya kuti tigwire nchito. Ndiye cifukwa cake makina amavundula madziwo usana ndi usiku. Kumene kuli maiwe m'malo mwa makina, dzuwa ndi mphepo zimacita zomwezo, koma pamapita masabata. Cobvuta ndico kusamala. Magetsi akazima, pampu ikafa, kapena matope akadzaza osacotsedwa, madzi amatuluka monga momwe analowera, ndipo wopita pamseu sangadziwe kanthu.

Umene umaulula ndi mtsinje. Madzi a m'zimbudzi ali ndi cakudya ca zomera conga ca m'manyowa, ndipo akaphatikana ndi ocokera m'mafakitale ndi m'minda ya fataleza, amanenepetsa udzu woyandama umene anthu a ku Malawi amaucha namasupuni. Udzuwu kwao ndi ku South America. Maluwa ake ngokongola ndithu, koma ukapeza cakudya umatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha. M'zaka za m'ma 1990 unaphimba mtsinje pa Kafue kotero kuti malo ena anali kuoneka ngati dimba. Mabwato anasowa njira, maukonde anakodwa, ndipo udzuwo unaunjikana pa mizati ya ulalo ndi kuopseza makina a magetsi a ku Kafue Gorge. Pansi pa udzu wotere nsomba zimasowa mpweya, pamene udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo zimapeza pobisala. Kuudula kumathandiza kwa kanthawi cabe, pakuti cakudya cake cikamabwerabe umaphukanso.

Kumunsi kwa tauni, pafupi ndi ulalo wa mseu waukulu, kuli mapampu otunga madzi opita ku Iolanda. Kumeneko amasefedwa ndi kuthiridwa mankhwala, nakankhidwa m'mipope kukwera mapiri kufikira ku Lusaka. Motero zimene Kafue wataya kumtunda, a kampani ya madzi amalimbana nazo kumunsi, ndipo madzi akadetsedwa kwambiri mankhwala amalowanso ambiri. Bungwe la NWASCO limayang'anira makampani a madzi, ndipo la ZEMA ndilo limaika malire a zimene zingatayidwe mu mtsinje.

Koma mipope ya ku Iolanda siifika pa misasa ya asodzi ndi midzi ya m'mbali mwa mtsinje. Kumeneko amai amatunga ndi zidebe pa dooko, ana amasamba pomwepo, ndipo ng'ombe zimamwa capafupi. Nyengo ya dzinja, pamene zimbudzi zokumba za m'makomboni zimasefukira, ndiyonso nyengo ya kolera. Madzi a m'cidebe ca mai wotere alibe wina wowayeretsa koma iye mwini, ndi nkhuni zowiritsira kapena kabotolo ka klorini.