Mnzako Akapsa Ndevu Mzimire

Munthu woyenda pamsewu waukulu wochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe akafika m'boma la Ntcheu amachita kaso ndi mapiri, minda ya mbatata ya kachewere ndiponso milu ya kabichi pamsika wa Lizulu. Koma m'nyumba zimene amazidutsazo mumachitika zambiri zimene maso a wapaulendo sangazione. M'mudzi wina wa kufupi ndi Mlangeni muli mayi wina amene mbiri yake ili ndi phunziro kwa aliyense.

M'chaka cha 2012 mayiyu anali ndi pathupi pachitatu. Atapita kusikelo, anamwino anamuyeza magazi monga amachitira ndi amayi onse oyembekezera, ndipo anampeza ndi kachirombo ka HIV koyambitsa matenda a Edzi. Panthawiyo kachirombo sikanalinso chiweruzo cha imfa monga anthu ankaganizira m'zaka zotsatira 1985, pamene wodwala woyamba anapezeka m'dziko muno. Boma linali litayamba kugawa mankhwala otalikitsa moyo mwaulere mu 2004. Kuwonjezera apo, mu 2011 Malawi linakhala dziko loyamba kukhazikitsa ndondomeko yakuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo ayambe mankhwala msanga ndi kumwa moyo wake wonse. Choncho mayi uja anabwerera kumudzi ndi botolo la mankhwala atalimanga pansonga ya chitenje.

Madzulo ake anafotokozera mwamuna wake zonse mosabisa. Bamboyo, amene anali mkamwini pamudzipo, sanafune n'komwe kumva zokayezetsa. Kwa iye nkhani inali yachidule: amene wapezeka nako ndiye wakabweretsa. Maganizo otere ndi olakwika, pakuti amayi amapezeka msanga chifukwa choti ndiwo amapita kusikelo, pamene abambo ambiri amazemba chipatala mpaka atadwalika. Woyamba kudziwa sindiye kuti ndi woyamba kutenga. Komabe usiku womwewo mayi uja anamenyedwa koopsa, ndipo bamboyo analumbira kuti akadzaona botololo m'nyumba mwake adzalitaya m'chimbudzi.

Kuyambira pamenepo mayiyu anayamba kubisa mankhwala ake pansi pa dengu la ufa. Ankamwa mbulu wake mwakabisira, ndipo masiku ena ankalumphitsa poopa kugwidwa. Apa m'pamene nkhanza za m'banja zimagwirizanirana ndi matenda. Munthu akamalumphitsa mankhwala, kachirombo kamachulukanso m'magazi, kamatha kuyamba kupima mphamvu mankhwalawo, ndipo mwana amene ali m'mimba amakhala pachiopsezo chachikulu. Dzanja limene linkamenya mayi linkaika pangozi miyoyo iwiri.

Mayiyu anakadandaula kwa ankhoswe, koma anangomuuza mawu amene akazi ambiri auzidwapo: banja n'kupirira, ndipo za m'nyumba saulula. Anansi nawo ankamva kulira usiku, koma m'mawa ankangopereka moni wa masiku onse ngati kuti sanamve kanthu.

Mmodzi yekha ndiye analephera kugona. Ameneyu anali mayi wachikulire, wamasiye, wokhala nyumba yoyandikana nayo. Usiku wina phokoso litayambanso, anadzuka ndi kukaima pakhomo.

"Odi kuno! Ndadzapala moto, wanga wazima," anatero mokweza mawu.

Bambo uja anachita manyazi ndi kuleka. M'mawa mwake amayi awiriwo anakumana kuchitsime.

"Mwana wanga, ine moto ndinali nawo. Ndiuze chimene chikukudya," anatero wachikulireyo.

"Agogo, ndi nkhani yochititsa manyazi."

"Manyazi anapha mwamuna wanga. Ine ndili moyo chifukwa ndinawataya," anayankha gogoyo, natulutsa botolo lofanana ndi lija lobisidwa mu ufa.

Gogoyo anamutengera kugulu la anthu amene ali ndi kachirombo, limene linkakumana pansi pa mtengo pafupi ndi tchalitchi. Magulu otere anafalikira m'dziko muno potsatira ntchito ya mabungwe monga NAPHAM, limene linakhazikitsidwa mu 1993 ndi anthu amene analimba mtima kuulula za mthupi mwawo. Pagulupo mayi uja anapeza aphunzitsi, alimi ndi akuluampingo, onse athanzi. Botolo lake linasamukira kunyumba kwa gogo, kumene ankapita kukamwa mbulu wake madzulo aliwonse. Anzake ankamukumbutsa tsiku lokatenga mankhwala ena, ndipo anamulowetsa m'banki m'khonde kumene anakongola ndalama zoyambira geni ya matimati. Ndalama ya m'manja mwake inamuchotsera mantha akuti mwamuna akachoka ana adzagona ndi njala.

Kugulu komweko anamva koyamba kuti dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2006. Lamuloli limapatsa bwalo la milandu mphamvu yolamula wankhanza kuti aleke, ngakhalenso kuti atuluke m'nyumba. Anamvanso kuti kupolisi kuli ofesi yapadera yothandiza anthu ozunzidwa. Koma lamulo lolembedwa papepala silingayende lokha kukafika kumudzi. Pamafunika munthu wolidziwa, wina woperekeza, ndi wina wotsala ndi ana. Gogo uja anaperekeza, ndipo amalume ake a mayiyo, atamva tsopano nkhani yonse, anatsagana nawo.

Bambo uja ataitanidwa ndi kuchenjezedwa, anasankha kulongedza katundu wake ndi kubwerera kwawo. Mwana anabadwa bwino, ndipo atamuyeza komaliza ali ndi zaka ziwiri, anapezeka wopanda kachirombo. Patapita nthawi kunamveka uthenga wakuti bamboyo ali gone. Mayi uja anapita, namunyamula pamodzi ndi abale ake kupita naye kuchipatala, kumene anayamba mankhwala ndi kupezako bwino. Atapempha kuti abwererane, mayiyo anayankha kuti kudwazika ndi umunthu, koma banja ndi nkhani ina. Mpaka lero amakhala yekha ndi ana ake, ndipo ndi mmodzi mwa olandira alendo pagulu lija.

Mavuto a mayiyu si achilendo. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo m'Malawi anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo. Mu 2018 kunabweranso lamulo loletsa kusala anthu amene ali ndi kachirombo. Akatswiri atsimikiza kuti munthu womwa mankhwala mokhulupirika mpaka kachirombo kosaonekanso poyeza sapatsira mnzake pogonana. Chaka ndi chaka, masiku 16 olimbana ndi nkhanza amayamba pa 25 November ndi kutha pa 10 December, ndipo tsiku lokumbukira Edzi, la 1 December, limagwera mkati mwa masiku omwewo. Izi n'zoyenera, chifukwa mavuto awiriwa amayendera limodzi.

Pomaliza, boma lingathe kugula mankhwala ndi kupanga malamulo, koma silingamve kulira kwa m'nyumba yoyandikana. Ntchito imeneyo ndi ya mnansi, nkhoswe, malume ndi mfumu. Achinyamata amene ali pasukulu lero ndiwo ankhoswe ndi anansi a mawa. Adzayenera kusankha pakati pa kufunda bulangete kumutu ndi kudzuka kukapala moto. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.