Wosula wa ku Ireland ndi Cipala Cace

M'midzi ya ku Ireland cipala cinali kumangidwa pafupi ndi mseu, kawirikawiri pa mphambano, ndipo khomo la zipala zina linali kuumbidwa ngati nsapato ya kavalo. Cipala cotere cikalipo ku Enniskerry, m'dera la Wicklow. Tsiku la mvula, pamene kumunda sikupitika, amuna anali kusonkhana momwemo ndi akavalo ao. Wina anali kuvukuta mvukuto, ena nakamba za mitengo ya ng'ombe ndi milandu ya m'mudzi, kufikira mdima.

Koma mwini cipala sanali munthu womzolowera. Nthano zao zamakedzana zichula Goibniu, wosula wa milungu, amene mikondo yace sinali kuphonya. Ndipo pemphero lakale lochedwa ndi dzina la Patrick Woyera lipempha Mulungu kuti acinjirize munthu ku matsenga a osula. Madzi oziziritsiramo citsulo anali mankhwala a njerewere, ndipo ena amati agwira nchito pokhapokha atatungidwa mobisa, mwini wace osaona. Coopsa koposa cinali temberero lace. Wosula akalakwiridwa anali kutembenuza citsulo cosulirapo nachula dzina la mdani wace, ndipo anthu amati wotero sakhalitsa osaona tsoka. Ici sicinali cikhulupiriro cacabe ai, pakuti mlimi wosauka wopitikitsidwa pa munda ndi mwini malo analibe bwalo lomumvera. Cimene anatsala naco ndi mantha amene wosula anali kutha kuika mumtima mwa wolemera.

Boma nalonso linamdziwa. Pa kuukira kwa 1798 osula ndiwo anasula nthungo za ankhondo a ku midzi, ndipo cifukwa ca ici ambiri anakwapulidwa, zipala zao nizitenthedwa.

Pakati pa 1937 ndi 1939 ana a sukulu oposa 50,000 anatumidwa kukafunsa akuluakulu ao za miyambo yakale, nalemba zimene anamva. Cipala ca kwao cinali mutu umodzi mwa mitu imene anapatsidwa. Anacita mwai kulemba nthawi imeneyo. Nkhondo Yaciwiri itatha thirakitala inayamba kulowa m'malo mwa kavalo, zitsulo za ku fakitale zinachipa, ndipo moto unazima m'zipala zambiri. Dzina lokha ndilo linakana kufa: m'cinenero cao wosula ndi gabha, ndipo a McGowan, amene ena anasandutsidwa a Smith, ndiwo ana a wosula.