Wogona Masana Si Waulesi

Kwathu kuno ku Marávia, munthu amene dzuwa lamupeza pamphasa amamunena kuti ndi waulesi. Mawu amenewa anali oona kwa makolo athu olima, koma kwa ife ogwira kapenta pa nyanja ya Cahora Bassa amatipweteka, ndipo ena amawaphetsa.

Nyanjayi inabadwa pamene damu linatseka Zambezi mu 1974. Kapenta si nsomba yakuno. Anaitenga ku nyanja ya Tanganyika nʼkuiika mu Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo inatsika ndi madzi mpaka kwa ife. Imagwidwa usiku wokha. Timayatsa nyali pamadzi, nsomba zimasonkhana, kenako timakweza ukonde. Conco ine ndimalowa nchito anzanga akamadya nsima yamadzulo, ndipo ndimaweruka atambala atalira kale.

Thupi lili ndi woci yake mkati mwa ubongo, yoyenda pafupifupi maola 24, ndipo imaikonza ndi kuwala kolowa mʼmaso. Kukada, ubongo umatulutsa melatonin, imene imauza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Kukaca, kuwala kumaimitsa. Mu 2017 akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel cifukwa cofotokoza mmene woci imeneyi imayendera, atafufuza pa tinchenche ta zipatso. Ngati ngakhale kanchenche kali nayo, ndiye kuti si nkhani ya khama kapena ulesi.

Vuto langa limayamba pobwerera kumtunda. Dzuwa lamʼmawa limandiwomba mʼmaso ndili wotopa, thupi nʼkumva kuti kwaca, dzuka. Ndikafika pamphasa tulo timabwera tocepa, todukaduka, makamaka mu Okutobala pamene cigwa ca Zambezi cimatentha ngati ngʼanjo. Ngongole ya tuloyo ndimakailipira pamadzi. Ca mʼma 3 kapena 4 koloko mʼbandakuca thupi limazizira, maso amalemera, manja amacedwa kugwira cingwe. Nthawi imeneyo munthu amatha kuterereka, ndipo pansi pake pali madzi akuya ndi ngʼona.

Zimene zimandithandiza nʼzosafuna ndalama. Pobwerera ndimavala cipewa cacikulu, kapena magalasi akuda ndikakhala nawo. Ndimagona mʼnyumba yaudzu osati yamalata, ndipo pawindo ndimatseka ndi citenje cokhuthala. Ndimayesetsa kugona nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo ndimawonjezera ola limodzi dzuwa likapendeka, ndisanatsikire kudooko. Kacasu sindimufuna ngati mankhwala a tulo: amagwetsa msanga, koma amadzutsanso msanga.

Mwezi ukawala wonse, nyali zathu zimasowa mphamvu ndipo timapuma masiku angapo. Pamenepo ndimacita zosiyana. Ndimakhala padzuwa mʼmawa, madzulo ndimapewa kuwala kwa foni. Woci ya thupi siisuntha tsiku limodzi, imasuntha pangʼonopangʼono, ndiye usiku woyamba ndimangotembenuka. Ndikayamba kuzolowera, mdima wabwerera ndipo bwato likudikira.

Si asodzi okha ali conco. Alipo olondera mʼminda kuti njovu ndi mvuu zisathe cimanga, anamwino a usiku ku Fíngoè, ndi amayi a makanda. Onsewa amagona motsutsana ndi dzuwa kuti ena adye ndi kukhala moyo.

Pempho langa lipite kwa inu a pakhomo, cifukwa mdima ndi bata munthu sangazipange yekha. Mtondo ukhale kutali ndi khoma lake, wailesi icepe, ana akasewere kuseri. Mlendo akafika, muuzeni abwere dzuwa likapendeka. Wogonayo mʼsiyireni maola ake asanu kapena asanu ndi limodzi osamudzutsa, kuti usiku akaime bwino pabwato ndi kubwerako mʼmawa.