Zikhadabo za munthu wa gitala

Ntchito yanga ndi gitala: ndimakonza, ndimaika nsambo, ndimaphunzitsa, ndipo Loweruka ndimaimba kumene andiitana. Ndimakhala ku Umlazi, kummwera kwa Durban, chakufupi ndi msewu wa Mangosuthu Highway. Kwathu ndi ku Thyolo, kwawo kwa woimba malemu Allan Namoko, ndipo monga anyamata ambiri a kumeneko ndinayambira pa banjo ya chigubu, ya nsambo za waya wa buleki ya njinga.

Munthu akabwera kuti ndimuphunzitse, ndisanagwire gitala yake ndimayamba ndaona manja ake. Manja awiriwa ntchito zawo n'zosiyana, choncho zikhadabo zake sizingafanane.

Dzanja lodina nsambo, lomwe kwa ambiri ndi lamanzere, silifuna chikhadabo ngakhale pang'ono. Chala chiyenera kutera pa nsambo ndi nsonga yake, chili chiimire. Chikhadabo chikatalika chimayamba ndicho kugunda thabwa, chala chimagona, n'kukhudza nsambo yoyandikana nayo, mawu n'kufa. Ndimauza wophunzira kuti aimike chala pa tebulo. Akamva chikhadabo chikugogoda, akawenge kaye. Magitala ambiri amene amandibweretsera amakhala ndi timaenje pa khosi, pakati pa tizitsulo toyambirira, tokumbidwa ndi zikhadabo za mwini wake. Masabata oyamba zala zimapweteka, mwina kutuluka matuza, koma khungu limalimba lokha.

Nkhani yaikulu ili ku dzanja lamanja, ndipo kuno ndiko ndinaimvetsa bwino. Ku Umlazi nyimbo za gitala zotchedwa maskandi zimamveka paliponse: m'mataxi, m'mashebini, ku hostela ya Glebelands kumene kumakhala amuna ochokera kumidzi. Oimba ake amasiyanitsa ukuvamba, kukwapula nsambo zonse pamodzi, ndi ukupika, kutola nsambo imodziimodzi. Amene amatchulidwa kuti anatchukitsa ukupika ndi John Bhengu wa ku Nkandla, wodziwika ndi dzina loti Phuzushukela. Pa kaimbidwe kameneka chala chachikulu chimayendetsa nsambo zonenepa, pamene chamkombaphala chimayankha pa zing'onozing'ono. Nyimbo imayamba ndi izihlabo, pamene woimba amathamangitsa zala yekha kuti anthu adziwe kuti wagwira gitala ndani. Pamenepo chikhadabo chikakhala ndi kamng'alu aliyense amamva. Nditangomva koyamba ndinakumbuka Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987: gitala imodzi inkamveka ngati akuimba anthu angapo.

Ndiye chikhadabo chitalike bwanji? Tembenuzani dzanja muyang'ane chikhatho. Chikhadabo chizingosuzumira pamwamba pa mnofu, milimita imodzi kapena ziwiri. Nsambo iyambe yakhudza mnofu, kenako itsetserekere pa chikhadabo n'kuchoka. Mnofu umapereka kunenepa kwa mawu, chikhadabo chimawawalitsa. Chikapitirira pamenepo chimakola nsambo, mawu amatuluka owonda, ndipo chimachedwetsa chala. Cha chala chachikulu chikhoza kutalikirapo pang'ono, poti chimagunda nsambo chammbali.

Koma kutalika si kumene ndimalimbana nako kwambiri. Ndimalimbana ndi kusalala. Chowengera zikhadabo chimasiya m'mphepete mokhakhala, lezala ndiye amaononga. Ine ndimagwiritsa ntchito katupa kakang'ono, ndikupala molowera mbali imodzi, kenako sandipepa wosalala kwambiri, yemweyo amene ndimapukutira tizitsulo ta pa khosi la gitala. Ndikamaliza ndimayendetsa chikhadabocho pa nsalu ya malaya. Chikakoka ulusi ndiye kuti chikokanso nsambo.

Nsambo nazo zili ndi mbali yake. Za nayiloni zimasunga chikhadabo. Za waya, zomwe a maskandi amakonda chifukwa zimalira mokweza, zimachidya usiku umodzi wokha ngati mukuimba paukwati. N'chifukwa chake ena amavala kapulasitiki ku chala chachikulu, ndipo ena amapita ku saluni kukamatitsa zikhadabo zoikirira. Zoikirirazi zimalimba ndithu, koma zikachoka zimasiya chenicheni chili chopyapyala, ndipo sindilangiza wongoyamba kumene kuti azithamangire.

Palinso oimba abwino amene sasunga chikhadabo n'komwe, ndipo sindiwatsutsa. Mkanganowu ndi wakale. Ku Ulaya, zaka za m'ma 1800, Fernando Sor ankaimba ndi mnofu pamene mnzake Dionisio Aguado ankaimba ndi zikhadabo, ndipo onse anali akatswiri. Chimene ndimakana n'chakuti zala za dzanja limodzi zisiyane, china chachitali, china chothyoka, china cholumidwa ndi mano. Pamenepo nsambo iliyonse imayankhula zake.

Chimandipweteka mtima ndi cha abale anga a ku Malawi. Ambiri amene amabwera kwa ine ndi anyamata a luso, oimba m'makwaya a mipingo yathu kuno, koma mkati mwa sabata amaponda matope a simenti, amatsuka magalimoto ku Isipingo, ena amanyamula katundu m'mashopu. Simenti imaumitsa chikhadabo mpaka kusweka, madzi a sopo amachifewetsa mpaka kusendeka. Munthu sangasiye ganyu chifukwa cha gitala, kumudzi akudikira ndalama. Komatu chikhadabo chimakula mamilimita atatu okha pa mwezi, ndipo chikazuka chonse chimatenga pafupifupi theka la chaka kuti chibwerere. Mlimi sasiya khasu lake pamvula. Ndimawauza kuti avale magolovesi pa ntchito, adzole Vaseline m'zikhadabo pogona, atsekule chitini ndi dzanja lamanzere, ndipo kamng'alu kakangooneka akapale tsiku lomwelo kasanafike pa mnofu. Mmodzi anandiseka kuti ndikumusandutsa mkazi wa ku saluni. Patapita mwezi anabwera yekha kudzapempha sandipepa.

Ena amafika atasunga ndalama zogulira gitala yodula ku tauni, poganiza kuti yawo ndiyo ikulira moipa. Nthawi zambiri ndimangosintha nsambo, n'kuwakonza zala, gitala yomweyo n'kuyamba kuyankhula bwino, ndalama zija n'kutumiza kumudzi. Inunso musanataye gitala yanu, wengani zikhadabo zakumanzere mpaka pa mnofu, zakumanja musiye milimita imodzi kapena ziwiri, muzisalaze bwino, kenako muimbenso nyimbo yomwe ija mumve.